Soketi Ziwiri M'chipinda cha Achemwali

"Gwirani apo, mayi, musasunthe," anatero wamawaya, akukoka tepi kuchokera pabalaza mpaka kumapeto kwa kolido.

Achemwali anagwira. M'nyumba zosanjikizanazo aliyense ankawatchula Achemwali, ngakhale anthu owaposa zaka, potengera mmene ankawaitanira mlongo wawo Mzime, mwini nyumbayo. Makolo atamwalira, Mzime analeredwa ndi iwo. Banja lawo litatha, iye ndi amene anakawatenga n'kuwapatsa chipinda chaching'ono cha kumapeto, amvekere n'chanu mpaka kale. M'menemo munali bedi, makina osokera ndi katoni ya zigamba.

M'mawa umenewo Mzime ndi mkazi wake anapita kuntchito atangosiya mawu akuti kubwera munthu wodzaona moyika intaneti. Achemwali anasiya diresi la eni pamakina n'kudzipatsa okha ntchito yothandizira.

Wamawayayo pakamwa pake sipankatera ntchentche. Ankayenda chipinda ndi chipinda foni ili m'mwamba, kwinaku akugogoda makoma.

"Makoma anuwa ngouma mtima ngati apongozi anga, salola kanthu kudutsa," anatero. "Ndiye rauta, kabokosi kogawa intaneti kaja, tiipachika mukolido muno, pakati, kuti pasakhale wodandaula. Kuchokera pamenepo waya wina upita kuseri kwa TV, wina kuchipinda kwa abwana. Waya sanama, mayi. Zodalira mphepozi zimakusiya pamalo oipa."

Achemwali anaseka mpaka kutaya tepi. Kenako bamboyo analowa m'chipinda chawo, n'kugwada pafupi ndi kumutu kwa bedi, n'kulemba timizere tiwiri pakhoma ndi pensulo.

"Muno soketi ziwiri."

Mtima wa Achemwali unadzaza. Mwana uja sanaiwale, anaganiza choncho. Koma pakamwa anadzichepetsa monga mwa khalidwe lawo.

"Ziwiri zonse? Kodi si kuwononga kumeneko? Foni yake n'kamodzi komwe, nakonso kosweka galasi."

"Ayi, izi si za foni. Imodzi ya kompyuta, inayo ya pulinta. Desiki ikhala pomwe pali bedipa. Madamu akufuna ofesi yawo iyang'ane kuwindo."

"Ofesi?"

"Eetu. Tinayamba kuyeza Loweruka lija. Abwana anati mlendo amene amagona muno asamukira kwa achibale ena mwezi ukatha. Alendo enanso, mayi! Ukawapatsa mpando amamera mizu."

Anaseka yekha. Loweruka limenelo Achemwali ankalikumbuka bwino: alamu awo anawadzutsa ndi nkhope yowala, n'kuwatuma kutauni kukasankha nsalu ya makatani, amvekere musafulumire, muyendeyende mupitidweko mphepo. Makataniwo anawasoka okha, ndipo muyeso wake unali wa windo lomweli.

Wamawaya atamva kuti zii anatembenuka. Anaona patapata pansi pa bedi, anaona mpango pamsomali, wofanana ndi chitenje chimene mayiwo anavala. Pensulo inamugwa.

"Mayi, pepani. Ine ndimayesa…"

"Musapepese, bambo. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi. Chinawapweteka si chipinda. Akanawapempha, mwina akanalira pang'ono n'kuvomera. Chinawalasa ndi mawu aja akuti mlendo, otuluka m'kamwa mwa mwana amene ankamupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje chawo.

Masana Mzime anabwera kudzaona mmene ntchito ikuyendera, tayi ali lende, makiyi akulira m'manja. Anangofika pakhomo la chipindacho, n'kuona timizere pakhoma, n'kuona nkhope ya wamawaya, basi makiyi analeka kulira.

"Takulandirani, abwana," anatero Achemwali. "Mlendo wanu ndikadalipo."

"Achemwali, musatero. Timafuna tikuuzeni bwinobwino, titakhala pansi."

"Liti? Desiki italowa?"

"Akazi anga apatsidwa mwayi wogwirira ntchito kunyumba. Pabalaza sizingatheke. Ndiye tinaona kuti kwa azakhali kuli malo, ndiponso iwo akukalamba, akufunika munthu."

"Azakhali akudziwa?"

"Akudziwa."

"Achimwene aakulu?"

Mzime anayang'ana nsapato zake. Achemwali anadziyankha okha.

"Akudziwanso. Bambo awa a mawaya akudziwa. Wosadziwa ndi mwini bedi yekha." Sanakweze mawu. "Iwe Mzime, unalola kuti anditume kukasankha makatani a chipinda chimene ukunditulutsamo? Ndinakulakwira chiyani kuti undiope chotero?"

"Ndimaopa kukukhumudwitsani."

"Wandisunga bwino ndithu."

Wamawaya anali atayamba kukulunga tepi mwakachetechete, akusuzumira kukhomo ngati mbuzi yolowa m'munda wa eni. Anati mwina abwere tsiku lina, banja likakambirana.

"Ayi, bambo, ntchito yanu isaime chifukwa cha ine," anatero Achemwali. Anaimirira, n'kukoka bedi okha kulichotsa kukhoma. Mzime anathamanga kuti agwire mbali ina, koma anamuletsa ndi dzanja. "Boolani."

Chiboolero chinalira, fumbi loyera n'kuwaza pansi. M'phokoso limenelo Achemwali anapinda zovala zawo, n'kuchotsa diresi la eni pamakina, n'kumanga ulusi ndi masizasi m'kampango. Kwa azakhali sankafuna kupitako ngati katundu wotumizidwa. Anaimbira telala mnzawo wa kumsika, amene anali ndi kachipinda kuseri kwa shopu. Mnzawoyo sanafunse zambiri, anangoti bwera.

Mzime anali chiimire mukolido, pansi pa malo a rauta.

"Achemwali, dikirani madzulo, tikambirane. Anthu adzati chiyani?"

"Udzawauza kuti mlendo anapita."

Chiboolero chitaleka, anatembenukira kwa wamawaya uja.

"Bambo, ndaona mwabwera ndi galimoto. Kumbuyoko makina osokera angakwane?"

Bamboyo anayang'ana Mzime, kenako anayang'ana mayiwo.

"Akwana, mayi."

Ananyamula awiriwo, wamawaya kutsogolo, Achemwali kumbuyo, akutsika masitepe pang'onopang'ono. Mzime anawatsatira mpaka pansi manja ali lende, ndipo palibe amene anamupempha kuti agwireko.