Msomali Wopindika

Madzi atayamba kulowera pansi pa chitseko, ndinasiya kulimbana ndi kabati. Inali itandigwera pamwendo, mmunsi pang'ono mwa bondo, ndipo pamsana pake panali patatsamira njerwa za khoma lapakati lomwe linali litangogumuka kumene. Ndinakuwa kawiri, katatu, mawu anga n'kumangothera m'phokoso la mvula pamalata. Kenaka ndinaseka ngati chitsiru. Ndikanaitana ndani? Mumzere wathu wonse munalibe munthu, pakuti ndinali nditawathamangitsira kumtunda ine ndemwe, khomo ndi khomo, ndikuwakalipira ngati ana a sukulu.

Nthawi inali itangopitirira 2 koloko masana. Ndinkadziwa zimene zinkachitika ku holo ya tchalitchi: anthu akukoloweka matagi awo pabolodi, wapampando wathu a Chirwa akuyendetsa chala pamisomali ya bolodilo. Bolodi likadzaza, atseka chipata ndipo palibe adzatsikenso. Lamulo linali limenelo, ndipo mwini lamulolo anali pansi pa kabati.

Dzina langa ndine Laston Daka. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndinagwira ntchito m'chipinda cha nyali pamgodi wina kuno ku Kitwe, osalowapo pansi ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yanga inali kupereka nyali ndi kuyang'anira bolodi. Munthu akamatsikira kumgodi ankakoloweka tagi yake, kachitsulo kokhala ndi nambala, pamsomali wake. Akatuluka ankaichotsa. Shifiti ikatha tagi n'kutsala pabolodi, ndiye kuti mwana wa munthu watsala pansi, ndipo palibe ankapita kwawo mpaka atapezeka. Bolodi ndinkalikonda chifukwa silinama, silimwa mowa, ndiponso silinena kuti "ndimayesa ali ndi uje".

Nditapuma pantchito ndinakhazikika ku Ndeke, chakumunsi kumene ngalande zonse zimadzatulira zinyalala zake. Patapita zaka zinayi mkazi wanga Pauline anamwalira. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Deborah, ali ku Solwezi, ndipo amaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati ndamwa mankhwala. Nyumba ya zipinda ziwiri inandikulira. Kunja anthu amayankhula Chibemba, nanenso ndimachikwanitsa, koma Chinyanja cha kwathu ku Katete ndinkachiyankhula ndi Pauline. Iye atapita ndinayamba kuchiyankhula ndi nkhuku.

Dzinja lina madzi anatizinga mosayembekezera. Mayi wina wosaona anakhala pamwamba pa tebulo tsiku lonse chifukwa aliyense ankayesa kuti wina wamutenga. Choipitsitsa chinali cha Edson, bambo wa ana atatu, amene anabwerera m'madzi kukafuna mkazi wake, pomwe mkaziyo anali atafika kale kwa achibale. Anamupeza m'mabango patapita masiku awiri.

Maliro atatha, komiti yathu ya chitetezo, yomwe kale inkangolimbana ndi akuba mapoto ndi zovala zoyanika, inaitanitsa msonkhano. Wapampando anali a Horace Chirwa, kalaliki wopuma ntchito, mkulu wa mpingo wa Presbyterian amene agogo ake anachokera ku Malawi, munthu woti ngakhale popita kukagula makala amavala tayi.

"Titsegule gulu la pafoni," anatero a Chirwa. "Aliyense akafika pabwino azilemba."

"Magetsi akazima masiku awiri, foni imasanduka mwala," ndinayankha. "Ndipatseni thabwa ndi misomali."

Ndinangotembenuza za kumgodi zija. Nyumba iliyonse ikhale ndi tagi yopachika kuseri kwa chitseko, ndi msomali wake pabolodi ku holo ya tchalitchi, yomwe ili pamtunda. Madzi akabwera, banja lituluke lonse ndi tagi, likaikoloweke. Msomali ukakhala wopanda tagi, amuna anayi atsike ndi chingwe. Koma bolodi likadzaza, chipata chitsekedwe, munthu asabwerere kumadzi, kaya wasiya mbuzi, kaya wailesi, kaya mtima ukumuuza zotani. Pa lamulo lachiwirili ndinamenya tebulo, ndipo ndinawalumbiritsa a Chirwa pamaso pa mkazi wa Edson.

Matagi ndinadula kumapoto akale. Ndi zidindo zanga zachitsulo ndinkadinda nambala ya nyumba pamwamba, chiwerengero cha anthu ake pansi. Ndinawagawa ndekha, ndipo palibe anandivuta kupatula mayi Philomena a pa nambala 17, amene tonse timawatchula kuti amake Collins. Ndi amasiye, ogulitsa tomato ndi kapenta kumsika, makolo awo a ku Chadiza. Mumzere wonse ndi okhawo amene ndikanamacheza nawo m'chiyankhulo chathu, koma tinkangochigwiritsa ntchito pokangana za nkhuku zanga ndi chibwabwa chawo, ndiwo zija za masamba a maungu.

"Ba Daka, manje aka kansimbi ndiye kazanichosa mu manzi?" anafunsa akutembenuza tagi ija.

"Sikakuchotsani, mayi. Kakanena kuti mwatuluka."

"Nanga yanu ili kuti? Naona bolodi yanu ku tchalichi. Eiti ilipo, teni ilipo, naini palibe."

"Wosunga bolodi salowa pansi."

"Awe, Ba Daka. Uko kunali ku maini. Kuno ku Ndeke tonse tinkhala pansi."

Ndinawauza kuti tomato wawo akupsa ndi dzuwa, apite akagulitse.

Za tagi ija ndinawanamiza, ndipo lero ndikuvomera. Tagi yanga ndinaiyamba masana ena pakhonde. Ndinadinda 9 pamwamba bwinobwino. Kenaka dzanja, mwa chizolowezi chake, linatola chidindo cha 2. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchibweza, n'kutola cha 1. Kamzere chabe, kowongoka, kopanda mnzake. Ndinaganiza za kamzere kameneko katapachikika pakhoma pa anthu, uku banja la anthu asanu ndi mmodzi, uku la anthu asanu ndi atatu, ndipo nyundo inandilemera. Ndinaponya tagi yosathayo m'kadirowa ka makina osokera a Pauline. Pabolodi ndinakhoma misomali makumi anayi ndi iwiri, pomwe nyumba zinali makumi anayi ndi zitatu.

Miyezi iwiri tinkayeserera Loweruka lililonse, anthu akung'ung'udza, ine ndikukalipa. Ndisaname, Loweruka limenelo ndinkaliyembekezera sabata yonse. Ndi tsiku lokhalo limene anthu ankatchula dzina langa, ngakhale molitukwana.

Ndiye linafika tsiku lija. Mvula inayamba m'mamawa, ndipo pofika masana ngalande yaikulu inali itasefukira. Ndinamenya chitsulo cha gudumu chimene tinapachika pamtengo wa mango, n'kuyenda nyumba zonse mpaka yomaliza. Anthu anakwera mwadongosolo, ana kumsana, matagi m'manja, mtima wanga n'kudzaza ndi kunyada. Ndinaima pamseu ndekha. Kenaka ndinachita chimene ndinaletsa ena: ndinabwerera m'nyumba kukakweza makina a Pauline patebulo. Makinawo ndinakwezadi. Ndikutembenuka kuti ndizituluka, khoma linalira ngati nthambi youma, kabati n'kundigwera. Akuluakulu ananena zoona, mvula ikakuona litsiro siikata.

Madzi anali ofiira, ozizira, onunkha zimbudzi. Anakwirira miyendo, n'kufika m'chiuno. Nsapato ya Pauline imene ndinkaisunga pansi pa bedi inatuluka ikuyandama, inazungulira chipinda pang'onopang'ono, n'kukaima pakona. Ululu wa mwendo unatha, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ululuwo. Ndinayamba pemphero la Tikuoneni Maria, koma pakati pake ndinapeza ndikuwerenga misomali m'mutu: wani, thu, fili, mpaka eyiti, kenaka teni. Bolodi langa linali labwino. Panalibe mpata woti munthu akaike chala n'kufunsa.

Ndinkaopa kufa, inde. Koma chimene chinandiliza si imfa. Chinali chakuti foni ya Deborah ikanalira Lamlungu, ndipo tsikulo linali Lachiwiri. Masiku asanu munthu osasowedwa! Kumgodi, ngakhale waulesi wotheratu ankasowedwa shifiti ikatha.

Madzi atafika pachifuwa ndinasiya kukuwa. Ndinatsamiritsa mutu pabedi, maso ali pa kadirowa ka makina pamwamba pa tebulo.

"Ba Daka! Muli mo?"

Ndinayesa ndikulota. Chitseko chinagwedezeka kawiri, chachitatu chinathyoka, ndipo analowa Collins, mwana wamkulu wa mayi Philomena, dalaivala wa minibasi, chingwe chili m'chiuno. Kumbuyo kwake kunali amuna ena atatu.

"Osayenda-yenda, Ba Daka, tabwela!" anatero, ngati ndinali ndi kopita.

Anaponya njerwa kumbali, n'kunyamula kabati ndi mtengo wa denga la khola la nkhuku. Collins anandibereka kumsana ngati mwana.

"Bolodi silinadzaze?" ndinamufunsa tili pakati pa madzi. Ngakhale pamenepo ndinali Daka yemwe uja.

"Mukaone mweka," anayankha akupuma movutikira. "Gwililani chabe."

Kuchipatala ndinakhalako masabata atatu, mwendo uli m'chikhakha. Deborah anabwera, analira, anati ndisamukire ku Solwezi. Ndinamuuza kuti ndiganiza. Nditatuluka anandiperekeza ku holo ya tchalitchi, kumene mabanja amene nyumba zawo zinagwa ankagonabe, matagi awo ali pabolodi. A Chirwa anandichingamira pakhomo, tayi ili pakhosi, maso ali pansi.

"A Daka, ndili ndi mlandu ndi inu," anatero. "Tsiku lija ine ndinakana kuti anthu atsike. Bolodi linadzaza, ndinatseka chipata, kiyi n'kuika m'thumba. Amake Collins anabwera akuti simukuoneka. Ndinati mwina muli kupolisi, mwina kumsika, ndipo lamulo ndi lamulo. Mkazi wa Edson anali pomwepo akundiyang'ana. Ndikanatumiza bwanji ana a eni m'madzi chifukwa cha 'mwina'?"

"Munachita bwino," ndinatero, ndipo ndinkanenadi zoona.

"Bwino chani!" Mawuwo anachokera kuseri kwa milu ya mabulangete, kumene mayi Philomena ankasankha kapenta. "Ine nenze naziba. Holo yonse zii, palibe wotikalipila kuti imani mu laini. Nati awe, uyu mudala sangankhale chete na bantu bambili so. Ali mu manzi."

"Anandifunsa kuti lamulo loyamba limati chiyani," anapitiriza a Chirwa. "Ndinati msomali wopanda tagi, amuna anayi atsike. Mayiwa anangotembenuka. Anapita pabenchi apo, anazula msomali ndi mpeni wawo wa tomato, anatola mwala wotsekera chitseko. Bwerani muone."

Ndinayenda ndi ndodo zanga mpaka pabolodi. Misomali yanga inali m'mizere yake, yowongoka, yotalikirana zala zitatu monga ndinayezera. Koma pakati pa 17 ndi 18, pamene panalibe malo a msomali, panali msomali wadzimbiri, wokhomedwa mwaukali, wopindika pakati. Pambali pake thabwa linali ndi zipsera pomwe mwala unkaphonya.

"Atamaliza anandigwira tayi," anatero a Chirwa. "Anati, 'Onani, ba tcheyamani, msomali ulibe tagi.' Ndinatulutsa kiyi."

Ndinafuna kunena kuti nambala 9 siikhala pamenepo. M'malo mwake ndinangoukhudza msomaliwo ndi chala.

"Ndabweretsa nyundo ndi msomali watsopano," anawonjeza a Chirwa. "Tiuzule uwu, tikhome pamalo pake."

"Usiyeni."

Makina a Pauline anali pakona pa holo. Collins anakawatenga madzi ataphwa. Ndinatsegula kadirowa, n'kupeza tagi ija ili m'matope ouma. Ndinaipukuta pamalaya, ndinapempha zidindo zanga m'bokosi la komiti, n'kukhala pansi pasimenti mwendo utatambasuka. Ana anasiya kusewera. Deborah anagwira pakamwa. Ndinaika chidindo cha 1 pansi pa 9, ndinamenya kamodzi, ndipo holo yonse inamva.

"Mwachedwa nayo maningi," anatero mayi Philomena osadzutsa mutu pa kapenta wawo. "Na nkhuku zanu zili kuseli uko, zanisilizila chibwabwa."

Deborah anandithandiza kuimirira. Ndinakoloweka tagi yanga pamsomali uja, n'kuchotsa dzanja. Chifukwa cha kupindika kwake, tagiyo sinalendewere mowongoka monga zinzake. Inapendekeka, inagwedezeka pang'ono, n'kutsamira pa ya nambala 17.