Mzere Wachiwiri

A Chande, msodzi wa ku nyanja ya Chiuta, sankadziwa kukayikira mwana wawo Rukia. Rukia ankaphunzitsa ku Liwonde, ndipo anadziphunzitsa yekha kupanga maapu a pafoni. Atawaikira pafoni kabokosi konena za mphepo ya tsikulo, mkuluyo anakaonetsa padoko ponse mpaka anzawo kutopa naye.

Lachinayi kabokosiko kanali ndi mizere iwiri: "M'mawa kuli bata. Masana mwera waukulu, musalowe m'madzi." Pafoni ya Rukia zonse zinkaoneka bwinobwino. Koma masana ali m'kalasi, mayi ake anaimba akulira kuti nyanja yalusa ndipo bambo sanabwerere.

Abale inu, minibasi yopita kwawo inkangoima paliponse, Rukia mtima uli m'mwamba. Anakapeza bambo ake pakhonde atafunda bulangete, akunjenjemera. Bwato linagubuduka, ukonde unapita, iwo anachita kuvuulidwa ndi anzawo.

Foni yawo bambo anali ataisiya m'nyumba. Rukia anaiyatsa n'kuyang'ana kabokosi kaja. Zilembo zake zikuluzikulu ngati za pachikwangwani! Paja maso a bambo anayamba kufooka, ndiye wokonza mafoni kumsika anawakulitsira zilembo. Rukia anali atapatsa bokosi lozungulira mawuwo msinkhu wosasintha, woyezera pafoni yake. Mawu a m'kati atakula, bokosilo silinakule nawo, linangodula mzere wachiwiri. Panatsala zoti m'mawa kuli bata, basi.

Anagwada n'kunena kuti wolakwa ndi iye. Bambo anakana, ati iyayi, mphepo mwini wake ndi Allah. Koma kuseri mayi anamuuza zimene zinamupweteka koposa. Asodzi ena anaona mitambo n'kuwaletsa, iwo n'kuwayankha kuti, "Mwana wanga walemba kuti kuli bata."

Kutacha Rukia anatsegula laputopu pamkeka. Anachotsa nambala ya msinkhu ija, n'kulamula bokosi kuti lizikula motsatira mawu a m'kati mwake, chenjezo n'kuliika pamwamba. Ulendo uno sanayesere pafoni yake, anayesera pa ya bambo n'kuwapatsira.

A Chande anatambasula mkono n'kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, mpaka kumapeto.

"Pali zinanso m'munsimu?"

"Palibe, Ababa. Zonse ndi zomwezo."

Bambo anagwedeza mutu, akumwetulira kuti amusangalatse. Koma Rukia anaona chala chawo chikukankha galasi la foniyo m'mwamba kawiri, kufufuza ngati pena pabisala mzere.