Chipinda cha Zosafulumira

Lonjezo Kamphinda analota masana dzuwa likuswa mtengo, atatsamira mpando wa mu ofesi, ndipo m'malotomo anapeza kuti pa desiki pake pakhala kale munthu wina. Munthuyo anavala shati ya Lonjezo, koma nkhope yake inali ya galasi, ndipo pamalo pa maso pankayenda mizere ya malemba obiriwira.

Lonjezo anamuzindikira. Inali pulogalamu imene analemba yekha, ija yosanja mauthenga ndi mafayilo, yoyankha anthu iye asanatsegule n'komwe zimene alemba. Anzake a mu ofesi ankamusirira chifukwa cha iyo. Iwo akamalimbana ndi kiyibodi mpaka zala kuuma, iye ankangodina mabatani awiri n'kupinda manja.

"Choka pampando wanga," anatero Lonjezo.

"Pempho lanu lalandiridwa, bambo Kamphinda," inayankha pulogalamuyo osatembenuka. "Laikidwa m'gulu la zosafulumira."

Lonjezo anamenya desiki ndi chibakera. Desikiyo inatseguka ngati chitseko, ndipo kunsi kwake kunali masitepe otsikira m'kanjira ka zipinda zachikasu, chilichonse chili ndi dzina limene iye anapatsa mafoda a mu kompyuta yake. Anatsika. M'chipinda cha Zachangu munali kapeti, ndipo abwana ake ankamwa tiyi okhaokha. Chipinda cha Zosafulumira chinali kumapeto. Pakati pake pankadutsa mtsinje wa madzi ofiira, ndipo anthu anakhala pa mabenchi, madzi akuwalekeza m'mawondo.

Pa benchi yoyamba panali mlongo wake, Enelesi, atabereka mwana wake Chifuniro. Mwanayo ankatentha thupi moti pa chitenje pankatuluka nthunzi. Pambali pawo panakhala malemu bambo awo, atavala suti ija anaikidwa nayo m'manda, nsapato atazinyamula m'manja kuti zisanyowe.

"Bambo, mukutani kuno?"

"Ife tinafika tisanamwalire," anayankha malemuwo modekha. "Tinangofuna kukuuza kuti miyendo yayamba kutupa. Yankho linabwera ndithu, laulemu wake."

Lonjezo anakuwa kuti pulogalamuyo itsike, ndipo inatulukira pakhoma, kiyibodi itaikolowekera m'khosi, ikulembabe.

"Wakuuza ndani kuti uike abale anga m'madzi? Mwana uyu sukumuona? Chitsiru cha makina iwe!"

"Lamulo ndi lanu, bambo Kamphinda. Uthenga wopanda mawu oti 'mwamsanga' umadikira. Achemwali anu analemba kuti, 'Mukapeza mpata mutiimbire.' Bambo anu analemba kuti, 'Si zodetsa nkhawa kwenikweni.'"

"Kwathu timalankhula choncho! Munthu akati si zodetsa nkhawa ndiye kuti zinthu zavuta!"

"Zimenezo simunandilembere."

Lonjezo anaitchaya khofi. Dzanja lake linangolowa m'galasimo n'kutuluka litamatirira zilembo, zikuyenda ngati nyerere. Anazisasa, koma zina zinakwera mkono mpaka m'khosi.

Enelesi sanadandaule. Anangosuntha pang'ono kuti mchimwene wake apeze pokhala.

"Khalani, achimwene. Akuti mzere ukuyenda."

"Palibe mzere pano, Enelesi! Mzerewo ndi ine!"

Madzi anali atafika m'chiuno. Malemu bambo awo anakweza nsapato zija pamutu n'kunena kuti, "Tenga mwanayo. Ife tisiye, zathu zinatha. Chitseko chikakufunsa funso, usayime kuti uwerenge."

Lonjezo anamasula chitenje n'kubereka Chifuniro. Mwanayo anamuotcha msana ngati simbi. Anayamba kuwoloka, mlongo wake atamugwira lamba. Chitseko chotulukira chinali tsidya lina, ndipo pamene ankayandikira, pa chitsekopo panayaka mawu akuluakulu ndi mabatani awiri, lina la Inde, lina la Ayi. Anayesetsa kuyang'ana pansi, koma maso ake anazolowera kuwerenga chilichonse chimene chayaka pa sikirini. Anawerenga. Chitseko chinkafunsa ngati akutsimikiza kuti akufuna kusiya ntchito imene ili mkati.

Pomwepo kamuvi koyera kaja kolozera zinthu pa kompyuta kanatsika kuchokera kudenga, kakukulu ngati khasu, n'kulunjika pa Ayi.

"Ndakusankhirani," inatero pulogalamuyo kumbuyo kwake. "Nthawi zonse mumasankha chimenechi."

Lonjezo anakalumphira kamuviko n'kukagwira ndi manja onse. Kanali kozizira, kamphamvu ngati ng'ombe yokana goli. Kanamukoka, iye anaponda mwala wa pansi pa madzi n'kukakoka. Anakatukwana, anatukwana pulogalamuyo, anatukwana onse amene ankamuombera m'manja pa misonkhano ya mu ofesi. Mwana kumsana anasiya kulira, ndipo kusiya kumeneko kunamuopsa kuposa madzi. Anakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka china chake chinaduka kudengako.

Anadzidzimuka ali chiimire, chingwe cha magetsi cha kompyuta chili m'manja, sikirini itazima. Mayi Nankhoma, amene ankakhala pa desiki yoyandikana ndi yake, anali ataima chapatali, atagwira pachifuwa.

"A Kamphinda, mwatani? Mwazimitsa makina lipoti la abwana lisanathe kutumizidwa!"

"Alidikire!" anakalipa Lonjezo, mpaka ofesi yonse inatembenuka.

Anatenga foni n'kuimbira Enelesi. Inaitana nthawi yaitali. Pamene Enelesi anayankha, kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la anthu ambiri ndi mawilo a bedi akulira pa simenti.

"Enelesi, Chifuniro ali bwanji?"



"Anatigoneka m'chipatala dzana, achimwene. Ndinakulemberani tikulowa mu wodi. Munandiyankha kuti zikomo kwambiri, mwasangalala kumva zimenezi."