Siketi ya Amake Tamanda

Amake Tamanda anadwala Lachinayi ali m'tchalitchi, atavala yunifolomu ya amayi a mvano. Nyimbo yachiwiri ili m'kati, anagwira pamimba n'kutuluka chothamanga. Pofika masana anali atatsegula m'mimba kosawerengeka, madzi okhaokha onga otsukira mpunga, maso atalowa m'kati. Mnzawo wa pamtima, mayi Mervis, amene anathyola naye tiyi pa esiteti zaka makumi awiri, ndi amene anawavula yunifolomuyo, n'kuwaveka chitenje, n'kukwera nawo kabaza wopita kuchipatala.

"Achemwali," anatero amake Tamanda njinga ikugwedera pamiyala, "ndikapanda kubwerako, yunifolomu ija mumusungire Tamanda. Pa Pasaka akuvekedwa za mvano. Avale ya mayi ake."

"Khalani chete inu," anayankha mayi Mervis. "Munthu wodya mango aawisi ndi mchere chaka ndi chaka, lero m'mimba ndi mokuphani?"

Kutacha Lachisanu anamwalira mu tenti ya odwala kolera.

Maliro ake anali ozizira ngati a mlendo. Thupi linabwera litakulungidwa m'pulasitiki, ndipo a Fackson, mlangizi wa zaumoyo wa khonsolo, mnyamata wa ku Dowa wa magambutsi oyera, anaima pakati pa bokosi ndi anthu. Panalibe kusambitsa, panalibe kuona nkhope, ngakhale kuphika. Amayi a mvano anaimba ali patali, tsidya la ngalande, mvula ikuwawaza. Mayi Mervis anaimba nawo, koma mumtima ankafunsa Mulungu kuti mtumiki wake walakwanji kuti apite m'dothi osasambitsidwa.

Madzulo a tsikulo a Fackson anafika kumalayini, nyumba za antchito a pa esiteti, atabereka chopopera kumsana. Anapopera nyumba ya malemu, natulutsa mphasa ndi bulangete kuti akawotche.

"Mayi, zovala zimene anavala tsiku lomwe anadwala zili kuti?"

"Mufuna muzitani?"

"Tiziviike mu klorini wamphamvu. Zikakanika, pamoto."

"Nanga siketi yakuda mu klorini imatuluka bwanji?"

A Fackson anakanda kumutu. "Kunena zoona, imawauka. Imatuluka yamawangamawanga ngati nkhanga."

Mayi Mervis analowa m'nyumba mwawo, imene inali yoyandikana ndi ya malemu, n'kutulutsa bulauzi yoyera ndi duku.

"Siketi?"

"Inatsala kuchipatala, alangizi."

Lilime linawalemera, pakuti sanali munthu wabodza. Siketiyo inali m'jumbo pansi pa bedi lawo, yonyowa monga momwe anaivulira. Amake Tamanda anaisoka okha ndi manja, abusa anaiyika manja n'kuipempherera, ndipo inagwada m'maliro a anthu ambiri a pa esitetipo. Thupi analanda, nyimbo anaziimitsa patali. Kodi ndi ichi chomwe atenge? Mayi Mervis anati ayi, mawu a womwalira sagwa pansi.

Pamjigo sakanatha kuchapa. Pamenepo a Fackson anaikapo amayi a komiti ya zaumoyo ndi ndowa ya klorini, othira kapu m'chidebe chilichonse, ndipo maso awo sankaphonya kanthu. Choncho Lolemba m'mamawa, ntchito isanayambe, mayi Mervis anabisa jumbo lija m'dengu lothyolera tiyi n'kutsetsereka kukamtsinje ka kuseri kwa bulugamu. Anachapa katatu ndi sopo, akupemphera chamumtima. Thovu linapita ndi madzi. Kuyambira ali mwana ankamva akuluakulu akunena kuti madzi oyenda sasunga matenda, ndipo poona mmene madziwo ankayerera pamiyala, anakhulupirira kuti watha bwino ntchito ya mnzake.

Tsiku lomwelo gulu lawo analitumiza kumunda wa kumunsi. M'dzinja tiyi amaphuka ngati wopenga, ndipo wothyola sataya nthawi. Esiteti inaika thanki ya madzi othira mankhwala pa sikelo yoyezera tiyi, pamwamba pa chitunda, koma ndani akwere chitunda chonsecho dzuwa lili pamutu, dengu lisanadzaze? Anthu ankangotsika masitepe khumi kupita padziwe la m'munsi mwa munda.

Mayi Mervis atawongola msana masana, anaona Tamanda, amene anali atayambiranso ntchito tsiku lomwelo chimwalirireni mayi ake, atagwada padziwepo ndi anzake awiri, akudzaza mabotolo. Anatsata ndi maso kumene madziwo ankachokera. Anali kamtsinje kaja, kakutuluka m'bulugamu.

"Tamanda! Usamwe amenewo!"

"Aa, amayi, ndamwa kale kawiri," anatero Tamanda akupukuta pakamwa. "Mwayamba uneneri wa a Fackson nanunso? Akupatsani magambutsi?"

Anzake anaseka. "Kusikelo mukatitungire ndinu, mayi. Ife mawondo ndi a kampani, koma ludzu ndi lathu."

Mayi Mervis anafuna kuwaululira za siketi, koma anaopa. Akanena, esiteti yonse idziwa kuti mtsogoleri wa mapemphero ananama. Anangowerama n'kupitiriza kuthyola, masamba awiri ndi kansonga. Anadzitonthoza kuti sopo anali wambiri, kuti madzi anali othamanga, kuti Mulungu amaona mtima.

Lachitatu m'mawa Tamanda anamutengera ku tenti. Pofika masana anzake awiri aja anamutsatira.

A Fackson anayenda khomo ndi khomo, mvula ili pamsana, nkhope yatsika. Atafika kwa mayi Mervis anakhala pakhonde osadikira mpando.

"Mayi, ndasokonezeka. Mjigo tayeza, uli bwino. Zimbudzi tapopera. Atatuwa sadyera pamodzi, sagona nyumba imodzi. Matendawa akudzera pati? Ndikapanda kupeza, mawa tinyamula ena asanu. Madiripi atsala ochepa, galimoto ya ku boma sinabwere."

Anali asanadye, zinkaonekera pamilomo. Mayi Mervis anamuyang'ana mwana wa eni ake ameneyu, amene anthu ankamunyoza kuti ndi wolanda mitembo, ndipo anaona kuti akusenza katundu amene iwo anamanga. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi siketi ija, youma, yosita bwino, yopindidwa kanayi, n'kugwada nayo pansi.

"Alangizi, ndinakunamizani. Sinatsale kuchipatala. Ndinakaichapa Lolemba kumtunda kwa dziwe la munda wa kumunsi. Ana aja amamwa pamenepo. Ndinawaona ndi maso angawa."

A Fackson anaimirira. Kenako anavala magolovesi n'kulandira siketiyo.

"Munawaona Lolemba," anatero motsitsa mawu. "Lero ndi Lachitatu, mayi."

Sanawakalipire, ndipo zimenezo zinawawa kuposa ndodo. Anangoti sangalumbire kuti ndi siketiyo, poti dzinja limakokolola zambiri, koma dziwe litsekedwa lero lomwe. Anaimbira foni akapitawo, ndipo dzuwa lisanapendeke chimkuzamawu chinali chikuzungulira malayini, amuna akuzika mitengo ndi minga kuzungulira dziwe, thirakitala ikutsitsira thanki kumunsi kwa munda. Dzina la mayi Mervis a Fackson sanalitchule. Koma pamalayini khoma ndi lopyapyala. Pofika Lachisanu, amayi ankasuntha zidebe zawo iwo akafika pamjigo.

Mmodzi wa anzake a Tamanda, mayi wa ana atatu, anamwalira Loweruka. Mayi Mervis anamva kulira ali m'nyumba, ndipo pemphero linawakanika. Anangogwada.

Lamulungu, m'malo mopita kutchalitchi, anayenda wapansi mpaka kuchipatala. Anaponda m'beseni la klorini pachipata, nasamba m'manja, ndipo namwino anawalola kuima pakhomo la tenti. Tamanda anali atagona pa bedi loboola pakati, diripi ili padzanja, masaya ataphwa, koma maso anali amoyo. Namwino anati choopsa chadutsa.

"Amayi, mwabwera," anatero ndi mawu ang'ono. "Akuti dziwe atseka. Akuti munthu wina anachapiramo zovala za wodwala. Munthu wake ndani wouma mtima chonchi?"

Mayi Mervis anamuyang'ana m'maso.

"Ndine, mwanangu. Inali siketi ya mayi ako. Ndimafuna uvale pa Pasaka."

Tamanda anawayang'ana. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono, kusamala dzanja la diripi, n'kuyang'ana kukhoma la tenti. Mayi Mervis anaimabe pomwepo kudikira, mpaka namwino anawagwira paphewa n'kuwauza kuti apatse njira, kukubwera machira.