Khoma la a Gokhale

Mu ofesi ya ojambula mapulani ku Pune, m'dziko la India, nyumba yonse yosanja inkakhala mu fayilo imodzi ya pakompyuta, ndipo woiyang'anira anali Mridula. Lamulo lake linali limodzi: ukatenga khoma kuti ugwirepo ntchito, limatsekeka m'dzina lako, wina salikhudza mpaka utalibweza. Anthu ankamunena kuti ndi wouma mutu, koma iye sizinkamusowetsa tulo.

Tsiku lina m'mawa bwana Sabnis, mwini kampani, anatulukira thukuta lili kamukamu. Mwini nyumbayo anali atabweretsa katswiri wa vastu, uja amaloza mbali yoyenera chipinda chilichonse kuti m'nyumba mulowe mwayi. Khitchini, akuti, isamukire kumwera chakum'mawa. Khoma limodzi linali panjira, lotsekedwa m'dzina la a Gokhale, injiniya wachikulire amene anali ku Kolhapur kukakwatitsa mwana wawo.

"Tsegula, Mridula. Makiyi onse uli nawo iwe."

"Ndili nawodi, bwana. Koma khomalo si langa."

"Nanga ofesi ino ndi ya ndani?"

"Ndi yanu. Khoma ndi la a Gokhale mpaka atalibweza."

"Ndiye tonse tipinde manja chifukwa nkhalamba yaiwala khoma pothamangira maswiti a paukwati? Likapanda kusuntha lero, mawa pampandopo upeza pali wina."

Mantha anamugwira ndithu Mridula, ntchitoyo ankaikonda. Koma ankadziwa kuti akangothyola loko kamodzi, aliyense ayamba kubisa fayilo yakeyake, n'kumajambula nyumba zosiyana pamalo amodzi. Anawaimbira foni a Gokhale n'kuikweza kuti bwanayo adzimvere yekha.

Kunamveka ng'oma ndi malipenga.

"Kaka, pepani kukusokonezani," anatero Mridula, amene ankawatchula a Gokhale kuti Kaka, kutanthauza amalume. "Khoma la kukhitchini lija munaiwala kulibweza?"

A Gokhale anaseka. "Kuiwala ine? Ndinalitseka dala. Khomalo lasenza thanki ya madzi ya padenga. Wa vastu uja ndinamuona akuliyang'ana ngati munthu wofuna kugula mbuzi, ndiye ndinadziwiratu kuti Sabnis agonja."

Bwana Sabnis anakanda m'mutu, natuluka mwakachetechete kukafunsa ngati mwayi sungalowere mbali ina.

"Nanga bwanji osandiuza, Kaka?"

"Ndikuuzirenji, mwanawe? Ndinkadziwa kuti pampandopo pali iwe. Pakanakhala wina, mwana wanga akanakwatiwa ine ndili mu ofesi kulondera khoma."

 Mridula anangogwirabe foni, akumvetsera ng'oma za ku Kolhapur, mtima utadzaza ndi kunyada.