Pasiwedi ya pa Galasi

Mayi Singano anali kuvina pakati pa shopu, tepi yoyezera ili m'khosi, pamene mng'ono wawo ankalowa kuchokera kuntchito. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala chifukwa chokonda kuluma singano akamalankhula.

"Bwera udzaone! Anthu zikwi zitatu achikonda! Ine ndatchuka, mwana wa amayi!"

Chinali chithunzi cha diresi la mkwatibwi. Mwini wake anadzijambula pa galasi lalikulu la m'shopumo, ndipo Mayi Singano anachiika pa tsamba la pa intaneti la bizinesi yawo m'mawa womwewo. Foni inkangolira, anthu kufunsa adiresi. Tsikulo makina osokera anapuma.

"Achemwali, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anaseka mng'onoyo, uku akukulitsa chithunzicho ndi zala. Kenaka kuseka kunatha. "Izi zalembedwa pakona ya galasizi n'chiyani?"

"Ndi pasiwedi ya tsambalo. Ndimaiwala, ndiye ndinalemba ndi choko cha nsalu."

Telala amalemba paliponse: chiuno cha munthu pakhoma, utali wa siketi pachitseko. Kwa Mayi Singano pasiwedi inali muyeso ngati ina yonseyo.

"Mwapachika kiyi pachitseko n'kuitana anthu zikwi zitatu! M'tsambamo muli chiyani?"

Mayi Singano analavula singano. Munali mauthenga a makasitomala. Azimayi okhala kutali ankatumiza zithunzi atavala zamkati zokha kuti telala aone thupi lawo, pamodzi ndi manambala a foni ndi malo okhala. Ankatumiza mosaopa chifukwa ankadziwa kuti woona ndi mayi mnzawo mmodzi basi.

Onse awiri anathamangira pa kompyuta yakale ya pakona, kukankha milu ya nsalu. Mng'onoyo anatsegula mauthenga n'kukuwa. Munthu wina anali atalowamo kale, ndipo ankalembera azimayi m'dzina la telala: "Zithunzi zija sizikuoneka bwino, tumizani zina mutavula zonse."

"Mtulutse! Mtulutse mfiti ameneyo!"

"Ndipatseni pasiwedi yatsopano, msanga! Osati tsiku lanu lobadwa!"

"Dzina la bambo athu aang'ono aja..."

"Limenelo ndi lalifupi! Onjezerani manambala!"

Zala za mng'onoyo zinathamanga kuposa makina osokera. Anasintha pasiwedi, anatulutsa aliyense amene analowa, anachotsa chithunzi cha mkwatibwi chija. "Watuluka!" Awiriwo anakumbatirana akulumpha ngati ana, mpaka wometa wa shopu yoyandikana anasuzumira kufunsa ngati wina wabereka.

Atapuma, anawerenga. Wakubayo anali atalembera azimayi khumi ndi anayi.

"Tingofufuta mauthengawa mwakachetechete," anatero mng'onoyo. "Akamva, onse akuthawani."

Mayi Singano anakhala pa mpando wa makina. Anachita mantha, ndipo manyazi anaposa manthawo. Koma azimayiwo anavula chifukwa chokhulupirira dzina la telala wawo.

"Athawe akudziwa," anatero. "Ndipatse foni."

Anayamba ndi woyamba pa mndandanda, mphunzitsi amene ankamusokera kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Aphunzitsi, ndine telala wanu. Uthenga uja wopempha zithunzi sindinalembe ndine. Chonde musatumize."



"Amayi," anatero mphunzitsiyo motsitsa mawu, "ndatumiza kale masana."