Dzanja la Alamu Linval

Mwamuna wanga Hopeton atamwalira, mchimwene wake Linval anayamba kuliyang'ana boti lathu ngati galu woona fupa. Iye ndi woyendetsa takisi ku Old Harbour, za nyanja amangozidziwira m'mbale. Koma pakamwa, eee, ngati anabadwira m'madzi.

"Mlamu Icilda, mkazi ndi miono wapi ndi wapi? Ndipatseni botili ndigulitse, ana adye."

Ndinakana. Tsiku lina anakakamira kukwera nawo kuti adzionere yekha kulephera kwanga. Nditavuula mono woyamba, munali tinsomba tochepa. Ndinatenga tina, tina n'kutisiya momwemo, n'kuubweza pansi.

"Mwapenga? Mukutaya ndiwo!"

"Nsomba imalowa mmene muli inzake, alamu. Mono wopanda kanthu imangoudutsa. Koma mkunga, nsomba yoluma ija, nawo umalondola zomwezo, ndiye musamapise dzanja musanasuzumire."

Anaseka mpaka kutsokomola. Titafika kumtunda analengeza pamaso pa asodzi onse kuti ndikadzabwera chimanjamanja ulendo wotsatira, abale akumana ndipo boti lipita. Ndinavomera ndi mkwiyo. Kunena zoona, mantha ndinali nawo, chifukwa boti limenelo ndilo linkadyetsa ana anga.

Tsiku lovuula litakwana, mono uliwonse unatuluka mbee! Ngakhale tija ndinasiya munalibe. Ndinakhala pansi m'botimo, misozi ili chuchuchu. Kenako ndinayang'ana zitseko za miono. Ine ndimamanga waya mopotokola kawiri ngati Hopeton, koma apa wina anangokulunga ngati akumanga thumba la makala. Pachitseko cha mono womaliza sanamange n'komwe, ndipo pawaya panakodwa kansanza ka malaya.

Kumtunda Linval ankandidikira ndi abale, atavala nkhope yachisoni yobwereka. Dzanja lamanja analikulunga m'thaulo.

"Pepani mlamu, mwayesetsa. Makiyi a injini aja?"

"Dzanjalo mwatani?"

"Chitseko cha galimoto."

Sindinapemphe chilolezo. Ndinakoka thaulo lija anthu onse akuona. Dzanja linali litatupa ngati buledi, mabala ang'onoang'ono ali ndandanda, mnofu utang'ambikira kuzala monga zimakhalira munthu akalikoka mwamantha.

Bambo Eustace, amene akalambira panyanja, anawerama n'kuliyang'anitsitsa.

"Galimoto yako ili ndi mano a mkunga, mwana iwe?"

Palibe anaseka. Kwathu kuno wovuula mono wa mnzake sapatsidwa ngakhale moni, ndipo msodzi amene anabwereka Linval boti lokavuulira miono yanga anayamba kusuntha chammbuyo.

Ndinam'ponyera thaulo lake pachifuwa.

"Ndinakuuzanitu kuti muzisuzumira kaye. Pitani kuchipatala lisanawole, alamu. Likachira mudzabwere, ndidzakugulitsani nsomba pamtengo wa wina aliyense."

Ndinanyamula chigubu cha petulo n'kubwerera kuboti. Miono inali ikundidikira kuti ndikaimange bwino.